Tsamba Limene Gesine Anachedwa Kutembenuza

Gesine Tammen anali kupinda ngodya za masamba a buku la manotsi a nyimbo pamene Mayi Dreesen, oyang'anira holo ya mzinda, analowa m'chipinda cha oimba osagogoda, atafungatira tabuleti, kakompyuta kopyapyala kooneka ngati galasi, pachifuwa.

"Bambo Wendland, ndabwera nayonso," anatero. "Ingoyesani kamodzi kokha. Mukaponda kachopondera aka ndi phazi lamanzere, tsamba limasintha lokha. Silichita phokoso, silikhosomola, silidwala chimfine."

"Nanga khofi imatha kuwiritsa?" anafunsa Bambo Wendland osacheuka. Manja awo anali m'beseni la madzi ofunda, monga ankachitira nthawi zonse asanakhudze piyano pamaso pa anthu.

"Inu sekani. Koma lero a wailesi akujambula, ndipo ulendo watha anadandaula za phokoso la mapepala. Anzanu onse anasiya kale mabuku. Mwatsala inu nokha, ndi nyimbo zanu zomwezomwezo. Zaka ziwiri tsopano mukukana chilichonse chatsopano chimene ndakupemphani." Apa anakumbukira kuti m'chipindamo munali munthu wachitatu. "Si kuti ndili nanu chifukwa, Mayi Tammen."

"Ndamva, mayi," anayankha Gesine, maso ali pa buku.

Bambo Wendland anapukuta zala chimodzichimodzi. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, wamtali, woonda, waukali wa pakamwa pokha.

"Mayi Dreesen, mayi awa akhala kumanzere kwanga zaka makumi awiri ndi zitatu. Sanachedwepo, sanafulumirepo, sanatembenuzepo masamba awiri pamodzi. Tsiku limene adzalakwitse, mudzabwere nalo galasi lanulo, ndidzalilandira ndi manja awiri."

"Mwanena nokha."

"Ndanena ndekha."

Mayi Dreesen anatuluka akumwetulira. Amuna ena ndi otero ndithu, akafuna kudzitama amabetchera chinthu cha mwini. Mpando umene Bambo Wendland anauika pa mkanganowo sunali wawo. Unali wa Gesine, kampando kakuda kopanda zotsamira mikono, ndipo pa zinthu zonse za pansi pano kanali kokhako kamene iye sankafuna kulandidwa.

Mkati mwa sabata Gesine ankagwira ntchito ku laibulale, kubwezera mabuku m'mashelefu. Ankakhala yekha m'nyumba ya pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndi mphika umodzi wa maluwa pawindo. Ali mtsikana anaphunzira piyano zaka khumi, ndipo aphunzitsi ankati zala ali nazo, koma akangoima pamaso pa anthu manja ankanjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu. Ndiye anapeza mpando umene munthu amakhala papulatifomu popanda womuona. Wotembenuza masamba amavala zakuda, savala mphete kapena chibangili, sadzola mafuta onunkhira, amalowa pomalizira, ndipo anthu akamaomba m'manja iye saimirira, poti m'manjamo si mwake. Malamulo amenewa anawapeza. Limodzi lokha anadziikira yekha, ndipo linali lalikulu kuposa onse: osamvetsera. Iye ankatsata timadontho takuda ndi maso, akuwerenga chamumtima, ndipo nyimbo inkamudutsa pambali. Akatswiri ambiri anali ataimbapo pafupi naye, koma mukanamufunsa kuti mawu awo ankamveka bwanji, akanakuuzani kuchuluka kwa masamba.

"Magalasi ndaiwalanso m'jasi," anatero Bambo Wendland. "Tandiwerengerani ndondomeko, Mayi Tammen, ndingayambe ndi yomalizira."

Gesine anawerenga. Asanamalize, chitseko chinadzaza ndi munthu. Anali Volkmar Ostendorf, mwini mawu amene anali atadzaza nyumba zonse zazikulu za zisudzo zoimba za opera kuyambira ku Hamburg mpaka ku Vienna. Mawu awo sanali besi ya pansi penipeni, koma ankatsikako akafuna, n'kukweranso kukafika kumene besi sifika. M'mawa umenewo anali atakulunga khosi ndi mpango wofiira, atanyamula botolo la madzi ofunda a uchi, ndipo ankalankhula chonong'ona kuti asunge mawu.

"Eberhard, ukadali moyo?" anatero kwa Bambo Wendland.

"Ndikudikira uyambe ndiwe, Volkmar. Ndinalonjeza kudzakuimbira pamaliro, n'cholinga choti tsiku limodzi udzangokhala chete ine ndikuimba."

Anaphunzira limodzi awiriwa ali anyamata, ndipo umu ndi mmene ankapatsirana moni. Bambo Ostendorf anaseka popanda mawu, mimba yokha ikugwedezeka, kenako anatembenukira kwa Gesine n'kuwerama pang'ono.

"Mayi, musadabwe mukalowa. Kapeti ija ndauza anthu aichotse. Dzulo pokonzekera inkandidyera mawu. Ine ndimafuna matabwa, kuti ndikaimba nyumba izindiyankha."

"Palibe vuto, bambo," anatero Gesine, ndipo sanaiganizirenso nkhaniyo.

Belu lachitatu litalira, anaima kuseri kwa chitseko cha pulatifomu. Amuna awiriwo analavulirana katatu paphewa lamanzere, kulavula kwa mwambo kopanda malovu, ndipo palibe anathokoza mnzake, poti kuthokoza kumaitana tsoka. Bambo Wendland anachitanso chimodzimodzi paphewa la Gesine. Nthawi inali leveni koloko, Lamulungu la mu Novembala.

Kunja chifunga chinali chitakwera kuchokera kumtsinje n'kuphimba mzinda wonse. Mawindo aatali a holoyo anali mbuu, ndipo kuwala kumene kunkalowa kunali kofewa, kopanda mthunzi. Mipando yonse mazana asanu ndi limodzi inali ndi anthu. Ena anakwera sitima ya m'mawa kuchokera ku Bremen ndi ku Hannover, ndipo majasi awo onyowa anali atasiyidwa kale kwa amayi osunga zovala. Anakhosomola komaliza, anamwa maswiti a chifuwa, kenako kunati zii.

Gawo loyamba linayenda ngati madzi. Pakatsala mzere umodzi kuti tsamba lithe, Gesine ankaimirira mwakachetechete, dzanja lamanzere n'kudutsa pamwamba pa buku kukagwira ngodya yopindidwa ija. Bambo Wendland ankagwedeza mutu, tsamba n'kugona, iye n'kukhala. Kale ankadikira kuti mutuwo ugwedezeke kaye, koma zaka zaposachedwapa zinkangochitikira pamodzi, ndipo iye ankanyadira kuti azolowerana mpaka pamenepo. Pa nyimbo yachitatu anthu anaseka kwambiri. Bambo Ostendorf anali kuimba ngati mkulu wa mzinda wodzikuza amene waledzera, akudzandira pang'ono. Gesine anangomva kuti anthu aseka pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Nthawi yopuma Bambo Wendland anadya theka la nthochi, theka linalo n'kupatsa Gesine, monga mwa masiku onse.

"Kwatsala masamba angati kuti tikadye?"

"Makumi anayi ndi limodzi."

"Mwaona? Galasi la Mayi Dreesen likanandiyankha chonchi?"

Nyimbo yomaliza inali yaitali kuposa zonse, ya nkhalamba imene yaima pakhomo madzulo ikuitana mwana wake wamkazi amene anachoka kalekale. Dzulo lake, pokonzekera, Bambo Ostendorf anaiimba ataima kutsogolo. Koma lero, piyano itayamba, anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anatsamiza dzanja pa thupi la piyanoyo. Anatseka maso, natulutsa liwu limodzi lotsika, lalitali, lofewa kwambiri moti akumbuyo anachita kuweramira kutsogolo kuti alimve.

Gesine sanalimve ndi makutu. Makutu ake anali otseka monga mwa nthawi zonse, akuwerenga. Liwulo linatsika ndi miyendo ya woimbayo, linalowa m'matabwa opanda kapeti aja, linayenda pansi, linakwera ndi miyendo inayi ya kampando kake, n'kudzakhazikika mumsana mwake. Munthu angathe kutseka makutu, koma msana alibe chotsekera.

Ankalidziwa liwu limeneli. Bambo ake anali ophika buledi mu msewu wopita kudoko, ndipo chipinda chake chogona chinali pamwamba penipeni pa uvuni. M'bandakucha ankakanda ufa akung'ung'udza chapansipansi kuti asadzutse ana, osadziwa kuti mawu awo ankakwera ndi mizati ya nyumba n'kulowa m'miyendo ya bedi. Gesine sanamvepo kuti ankaimba chiyani. Ankangomva bedi likunjenjemera pang'ono pansi pa nthiti zake, kutentha kwa uvuni kukudutsa m'matabwa, ndipo ankadziwa kuti bambo alipo, kunja kukuzizira koma iye sayenera kudzuka. Anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chichokereni nthawi imeneyo panalibe bedi kapena mpando umene unamuimbirapo.

Anayesa kuwerenga. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Timadontho takuda tija tinayamba kuyandama, tikuchoka pa mizere yake. Chifunga cha pawindo chinaoneka ngati chalowa mu holo, chikuyenda pakati pa mipando, chikufafaniza nkhope za anthu mzere ndi mzere mpaka panatsala kuwala kokha. Kunamveka fungo la buledi amene wangotuluka kumene. Gesine anaona masitepe opapatiza a kunyumba kwawo, ndipo anali kutsika wopanda nsapato, atavala diresi logonera, dzanja likukhudza khoma lofunda. Sitepe yachitatu inalira monga inkalirira. Pansi pa chitseko cha kophikira pankatuluka kuwala kwachikasu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anamva mawu a nyimbo: nkhalamba ija inkauza mwana wake kuti chitseko sinakhome, nyali sinazimitse, abwere nthawi iliyonse imene angafune, sidzamufunsa kumene anali. Gesine anaika dzanja pa chitseko chija. Chinali chofunda, ndipo chinayamba kutseguka. Anaona msana wa malaya oyera, mapewa akukwera ndi kutsika pa thebulo la ufa, ndipo anadziwa kuti akangoitana, bambowo acheuka.

Nthawi yonseyi tsamba linali litatha kalekale.

Bambo Wendland anapitirira mizere iwiri, kenako zala zawo zinakayika. Zinabwerera pamene zinachokera, zinadutsanso njira yomweyo, zinabwereranso. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. Bambo Ostendorf, amene anali atafika pa liwu lalitali loyenera kutha piyano ikasintha, analigwirabe. Analikoka, analifewetsa, analikokanso, nkhope ikufiira pamwamba pa kolala, ndipo anthu mu holo anasiya kupuma poganiza kuti akuona luso la katswiri. Kenako woimbayo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ija ikuyang'ana njira, n'kuponya maso pa Gesine.

Chitseko cha kophikira chinazimiririka. Gesine anadzambatuka, mpando unakhwekhwerezeka pa matabwa, tsamba linati phwa, ngodya yake n'kung'ambika. Bambo Wendland anakweza mutu, zala zawo zinapeza njira nthawi yomweyo, ndipo woimbayo anatsika pa liwu lake lija n'kupuma.

Masamba asanu ndi limodzi otsalawo Gesine anawatembenuza bwinobwino, nkhope ikuyaka. Nyimbo itatha holo inaphulika. Anthu anaomba m'manja, anapondaponda pansi mpaka nyali zinagwedezeka, ndipo anawaitana amuna awiriwo kasanu. Ambiri sanadziwe kuti panalakwika kanthu. Koma pa chitseko cha m'mbali panaima Mayi Dreesen, atapinda manja, ndipo panalibe amene anachita kuwauza: anadzimvera okha, pamodzi ndi munthu wa wailesi amene anali atavula zomvera zake n'kumapukusa mutu.

Gesine anakhala pampando wake mpaka anthu anayamba kutuluka. Manyazi anali nawo, aakulu ndithu. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chimene chinamudabwitsa: mtima wake unali wopepuka. Msana unali ukunjenjemerabe pang'ono. Anayang'ana mipando yofiira imene inkatsala yopanda anthu, nasankha umodzi, mzere wachisanu ndi chiwiri chapakati. Ngati kampando kakuda kapita, kapite. Azidzagula tikiti ngati wina aliyense, azidzasiya jasi kwa amayi osunga zovala, azidzakhala apo manja ali pamiyendo, n'kumamva. Zaka zonsezi anakhala pafupi ndi nyimbo kuposa munthu aliyense mu holomo, ndipo anali yekhayo amene sankazimva.

M'kanjira kopita kuchipinda cha oimba anakumana ndi Bambo Ostendorf, akukulunganso mpango wawo.

"Bambo, ndikupepesa kwambiri."

"Mayi, mukanachedwa pang'ono pokha, bwenzi pano akundipopa mpweya," ananong'ona. Kenako anamuyang'anitsitsa. "Munapita kuti?"

"Kophikira buledi kwa bambo anga."

"Kunali kofunda?"

"Kunali kofunda."

"Basi, ndiye kuti ndaimba bwino." Anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri, napita kukasaina mapepala a anthu amene ankawadikira.

Bambo Wendland anali atakhala okha m'chipinda, jekete ili pampando, manja ali pa mawondo. Gesine anatseka chitseko.

"Bambo Wendland, ndakuchititsani manyazi. Sindidziikira kumbuyo. Ndinamvetsera."

"Ndinadziwa kuti tsiku lina mudzamvetsera. Ndinkangopempha kuti lidzafike ine nditafa."

"Landirani galasi lija. Munalonjeza, ndipo ine sindidandaula." Anatenga jasi lake pa msomali, koma chinthu china chinamuimitsa, funso la ntchito, poti ntchito siichoka m'mutu tsiku limodzi. "Koma bwanji simunatembenuze nokha? Pamapeto pa tsambalo dzanja lamanzere limapuma mzere wathunthu. Mpata unalipo."

Bambo Wendland anatambasula dzanja, napapasa pathebulo mpaka anapeza kakhadi kamene kanabwera ndi maluwa.

"Apa palembedwa chiyani, Mayi Tammen?"

"Magalasi anu ali m'jasi, ndikutengereni?"

"Magalasi ali m'thumba muno. Akhala ali m'thumba nthawi zonse zimene ndimati ndaiwala." Anawatulutsa, anawavala, nayang'ana kakhadiko. "Ndikuona choyera. Pakati pake pali chifunga, chonga chili panjachi. M'mbali ndimaonako pang'ono, pakati ayi. Adokotala anati sichichoka. Zaka ziwiri tsopano."

Gesine anakhala pansi jasi lili m'manja.

"Nanga manotsi?"

"Ali m'mutu. Zonse zimene ndinaphunzira maso akadalipo zili m'mutu, n'chifukwa chake zatsopano ndimakana. Koma mutu wa nkhalamba, mayi, uli ngati mzinda uno lero. Misewu ndikuidziwa yonse, koma nthawi zina ndimafika pa mphambano osadziwa kuti ndi iti. Ndiye kumanzere kwanga kumaimirira chinthu chakuda, mkono umadutsa, ndipo ndimadziwa kuti apa ndi pamapeto pa tsamba lakutilakuti, ndikhotere uku. Sindinatembenuze ndekha chifukwa sindinadziwe kuti tsamba latha."

"Koma mumagwedeza mutu."

"Mukaimirira, inde. Kale munkatsata ine. Zaka ziwirizi ndakhala ndikutsata inu, ndipo ndimagwedeza mutu kuti anthu aziti ndikuwerenga."

"Ndiye munabetcheranji mpando wanga m'mawa uja, mukudziwa zonsezi?"

"Chifukwa ndine chitsiru chodzikuza. Komanso chifukwa ndinalibe china chowayankha." Anavula magalasi aja, nawabwezera m'thumba. "Galasi lawolo likabwera, ndiyenera kuponda ndekha pamene tsamba latha, ndipo sindidzadziwa. Ulendo woyamba womwewo aliyense adzaona. Sindikukupemphani kanthu. Ndangofuna kuti mudziwe kuti lero simunalakwitse nokha, ndipo kuti nanenso ndathera pomwepa."

Gesine anawayang'ana manja aja. Anali atawayang'ana kuchokera pambali zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sanawaonepo atangokhala chonchi opanda chochita. Anawakwiyira bamboyo, chifukwa cha bodza la magalasi, chifukwa cha kubetcha, ndiponso chifukwa chomuuza zimenezi lero, pamene anali atangosankha mpando wake mu mzere wachisanu ndi chiwiri. Anawamveranso chisoni.

Panamveka kugogoda, ndipo ulendo uno Mayi Dreesen anadikira kuti ayankhidwe. Analowa ndi tabuleti ija. Kunena zoona sanali munthu woipa, ndipo kupambanako sikunkawakomera mmene ankayembekezera.

"Sindikufuna kuonjezera mawu," anatero. "Tonse tamva. A wailesi akuti ayesa kukonza. Bambo Wendland, munalonjeza."

"Ndinalonjeza," anatero Bambo Wendland, natambasula manja awiri. Anawatambasulira pambali pang'ono, pamene panalibe kanthu. Gesine anaimirira msanga n'kuilandira tabuletiyo iye.

"Tiilandira, mayi," anatero. "Kuyambira konsati ya Disembala. Koma kachoponderako musavutike nako."

"Chifukwa?"

"Phazi lamanzere la Bambo Wendland lili ndi ntchito kale. Akamaimbira munthu limakhala pa chopondera chofewetsa mawu, simunaone? Mukalipatsa ntchito ziwiri mudzamva piyano ikukwirira woimba. Galasi ili limasinthanso tsamba munthu akalikhudza pangodya, si choncho?"

"Limatero."

"Ndiye ndizidzakhudza ine. Mapepala palibe, phokoso palibe, a wailesi agone tulo."

Mayi Dreesen anayang'ana Gesine, anayang'ana Bambo Wendland, amene anali kuyang'ana pansi.

"Mukutanthauza kuti muzidzakhala pampando uja, n'kumatambasula dzanja?"

"Ndizidzaimirira, monga mwa nthawi zonse. Pakatsala mzere umodzi."

"Kuimirira kuti mukhudze galasi? Mayi Tammen, anthu adzaseka."

"Anthu sandiona ine, mayi. Zaka makumi awiri ndi zitatu, ndi angati anakufunsanipo dzina langa?"

Mayi Dreesen anapuma mozama.

"Nanga zalerozi zikadzachitikanso?"

"Sizidzachitikanso. Koma ndili ndi pempho limodzi. Kapeti ija muibwezere, ndipo pansi pa mpando wanga isadzachokenso, kaya abwere woimba wotchuka bwanji."

"Kapeti? Imeneyo ndiye akuibweza kale. Inu anthu a nyimbo, ine ndinalephera kukumvetsani." Anatuluka akupukusa mutu.

Bambo Wendland anafufuza mpango m'thumba, namina mphuno mwaphokoso kuposa mmene chimfine chikanafunira.

"Mayi Tammen."

"Musathokoze, bambo. Mukudziwa kuti kumaitana tsoka. Valani jekete, mudikire pomwepo, ndikatenge buku lathu. Ndikuperekezani pokwerera basi, kunjaku sikukuoneka."

Holo inali yopanda anthu. Nyali zazikulu zinali zitazimitsidwa, ndipo kuwala kwa chifunga kokha n'kumene kunkagwera pa mipando yofiira. Kumbali kwa pulatifomu amuna awiri ogwira ntchito anali atanyamula kapeti yokulunga paphewa. Gesine anatseka buku la manotsi, nasalaza ngodya yong'ambika ija ndi chala. Kenako anakhala pa kampando kake, anavula nsapato imodzi, naika phazi pa matabwa. Anatseka maso. Matabwawo anali ozizira ndipo sankanena kanthu, koma anadikirabe pang'ono, monga munthu amadikira pakhomo atagogoda kale.

"Tiyale, mayi?" anafunsa mmodzi wa amuna aja.

Gesine anavala nsapato yake, ananyamula buku, nakokera kampando pambali kuti adutse.

"Yalani," anatero.